Ndime Yanga Patsogolo pa Golo

Amayi anzanga, ndi abambo amene mwakhala kumbuyoko, mtendere ukhale nanu. Dzina langa ndine Esinati, koma ambiri mumanditcha make Chisomo. Ena mumandidziwa ndi dzina lina lija, ndilitchula ndekha kutsogoloku. Mukaona ndikuyang'ana pansi musati ndi mwano. Ndinabadwa wamanyazi, ndipo sukulu sindinapite nayo patali. Koma abusa anati mwina pali wina muno amene ali pamene ndinali ine, ndiye ndilankhula.

Kwathu ndi kwa Makhuwira. Ndinakwatiwa kuno kufupi ndi Bangula. Amuna anga, a Domingo, amadula nzimbe ku esiteti ndipo amabwera kunyumba pakutha pa mwezi. Nyumba yathu ili kuseri kwa koleji ya ntchito zamanja ija, ndipo ine ndinkachapa majezi a timu ya mpira ya pakolejipo. Ntchito imeneyo inkandiyenera, chifukwa jezi siifunsa mafunso.

Madzi osefukira aja atadutsa, bwalo la mpira linasanduka mchenga wokhawokha. Mitengo ya golo inakwiririka mpaka pakati. Timu inayamba kusewera masewero onse koyenda. Ya minibasi imasowa, anyamata amafika pa bwalo la eni atatopa ndi njinga, kugonja sabata ndi sabata, mpaka anatuluka mu ligi. Osewera abwino anathawira ku matimu ena. Majezi anakhala m'thumba kunyumba kwanga mpaka makoswe anayamba kuwalawa.

Munthu mmodzi amene sanataye mtima ndi a Semba, aphunzitsi a zomangamanga, amenenso ndi kochi wa timuyo. Iwo anapeza mkulu wina wa bizinesi ku Blantyre amene anaphunzira pa koleji yomweyi. Mkuluyo anati simenti ndi malata za mpanda ndi shedi yokhalamo anthu apereka, koma aone kaye chimene eni malo achita. Tichotse mchenga, tiumbe njerwa, tidzale kapinga, ndipo ya mafuta a thirakitala tisonkhe tokha.

Pa msonkhano wa komiti a Semba anandiloza. "Make Chisomo, inu ndinu wa timu. Mudzanyamula mbale ya chopereka pa msika."

Ndinalephera kukana, chifukwa kukana nakonso kumafuna pakamwa.

Tsiku la msika ndinaima pafupi ndi ogulitsa nsomba, mbale m'manja, mwana kumbuyo. Anthu amadutsa, ine mawu osatuluka. Dzuwa linafika pamutu mbale ili mbee. Mnzanga Felista, amene amagulitsa milamba yowamba, anandiyang'ana n'kuseka.

"Iwe Esinati, mbaleyo ukupemphera ndalama kapena ukudikira mvula?"

"Ndikuopa," ndinatero.

Anatulutsa kabotolo pansi pa dengu. "Tamwa aka, katsegule pakhosi. Usati ndi mowa, ndi mankhwala a manyazi."

Anali kachasu. Anandiwotcha kuyambira pa lilime mpaka m'mimba. Patapita kanthawi ndinamva munthu akuimba nyimbo zochemerera timu, ndipo munthuyo ndinali ine. Nyimbo zonsezo ndinkazidziwa, ndinkangozimva ndikuchapa. Ndinavina pakati pa msika, anthu anaunjikana, mbale inadzaza. Anyamata a kabaza anandipatsa dzina tsiku lomwelo: Mayi Vuvuzela. A Semba anandiyamikira pamaso pa komiti yonse osadziwa chimene chinandiimbitsa.

Ndinene zoona, ndinakondwa. Chibadwire anthu anali asanandionepo. Tsiku limenelo anandiona.

Kuchokera apo zinathamanga. Poyamba ndinkamwa tsiku la msika lokha. Kenako tsiku la msonkhano, kuti ndithe kuyankha akandifunsa. Kenako m'mawa uliwonse, kuti ndithe kupereka moni kwa anansi. Felista sankandipatsanso chaulere, ndinkagula ndekha ndi ya ndiwo imene amuna anga ankasiya. Akabwera pakutha pa mwezi ndinkatafuna masamba a bwemba kuti fungo lisamveke.

Mchenga utachotsedwa, bwalo linagawidwa ndime ngati munda wa ganyu. Banja lililonse ndime yake, zikhomo m'makona, udzale kapinga ndi kuthirira wekha. Yanga inagwa patsogolo penipeni pa golo, pamene goloboyi amadzigwetsa. A Semba anatichenjeza tonse kuti, "Madzi muzikatunga ku dambo. A pa mjigo wa koleji ndi amchere, apha kapinga."

Zimenezo ine ndinkazidziwa kuposa wina aliyense. Madzi a pa mjigo umenewo sopo sachita thovu, ndiye chifukwa chake majezi ndinkachapira ku dambo. Koma dambo lili patali, mjigo uli pamphuno pomwepa, ndipo mutu wa matsire sufuna ndowa. Ndinkalawirira anthu asanatuluke m'nyumba, kutunga pa mjigo, kuthira msangamsanga, n'kubwerera kukagona. Ndinkati madzi ndi madzi, adziwa ndani.

Dothi linandiulula. Ndime za anzanga zinayamba kubiriwira, yanga inafiira, kenako inauma. Pamwamba pake panatuluka zoyera ngati wina wawazapo ufa. Munthu ukadutsa pa msewu umaona bwalo lobiriwira lili ndi chigamba choyera patsogolo pa golo, ndipo aliyense ankadziwa mwini wake.

Ndiye linafika tsiku limene mkulu wa ku Blantyre anatuma munthu wake kudzaona ntchito. Ndinaganiza kuti ndikaimba kwambiri mlendoyo aziyang'ana ine, osati ndimeyo. Ndinamwa kuposa masiku onse. Nditafika pa bwalo ndinamutsitsa Chisomo, anali ndi zaka zitatu, ndinamukhazika pansi pa mtengo wa nimu.

"Khala pompa, usachoke."

Kumapeto kwa bwalo kunali uvuni wa njerwa za mpanda, umene anali atangomaliza kuwotcha. Phulusa lake pamwamba limaoneka lozizira koma pansi pali moto.

Ndili pakati pa nyimbo ndinamva mwana akulira, kulira kwa ululu. Amayi anzanga, apa ndi pamene pamandivuta kunena. Ndinamva kulirako, ndinati mumtima, mwana wa ndani ameneyo, mayi ake ali kuti? Ndipo ndinapitiriza kuimba.

Anamutola ndi apongozi anga aakazi, amene anabwera kudzaonerera. Phazi lake lamanja linali litapsa kunsi konse. Anathamanga naye pa kabaza kuchipatala, ine ndikutsatira pambuyo ndikudzandira. Nditalowa, anamwino anatembenuza nkhope chifukwa cha fungo. Mlendo wa ku Blantyre anaona ndime yoyera, mayi woledzera ndi mwana wopsa. Anakwera galimoto yake osalonjeza kanthu.

Kwathu kwa Amang'anja mwana ndi wa kuchikazi. Kwa amuna anga, Asena, mwana ndi wa kuchimuna, poti analowola. Nkhani imeneyi sitinayambe takanganapo, chifukwa panalibe chokanganira. Tsopano chinapezeka. Amalume anapalasa njinga kuchokera kwa Makhuwira kudzandiimira. Anayamba bwino ndithu, kuti mwanayu ndi mbumba yathu, akachira tipita naye kwathu.

Apongozi aamuna anawasiya mpaka amalize, kenako anafunsa motsitsa mawu. "Ng'ombe zija munalandira, kapena nkhabe?"

Amalume anayang'ana nsapato zawo.

"Munthu walephera kusunga udzu," anatero apongozi. "Asunga mwana?"

Amuna anga anali pomwepo, ataitanidwa kuchokera ku esiteti. Sanandikalipire. Anangoti, "Esinati, wandivula pagulu." Chisomo atatuluka m'chipatala anapita kwa apongozi, ndipo ine anandiuza kuti ndisapondeko.

Mwina mukuganiza kuti ndinasiya pomwepo. Ayi. Ndinamwa kwambiri. M'nyumba munali zii, ndipo bata limenelo sindinkatha kulipirira. Ndinagulitsa beseni lochapira, ndinagulitsa zitenje za ukwati. Mbale ya chopereka anaipereka kwa wina. Felista yemwe akandiona ankakhala ngati akuwerenga nsomba. Anthu pa msika ankanena poyera kuti simenti yathawa chifukwa cha Vuvuzela.

Tsiku lina masana ndinalephera kupirira. Ndinapita kwa apongozi, osalowera kukhomo, ndinazungulira kuseri kukasuzumira pa mpanda wa bango. M'chitenje ndinali nditamangirira kabotolo, ndisanakatsegule.

Chisomo anali pabwalo ndi ana a alamu anga. Bandeji anali atachotsa, koma ankayendabe ndi chidendene, phazi osaliponda lonse. Anali atanenepa pang'ono. Tsitsi anamuluka bwino, kuposa mmene ndinkamulukira ine. Ndinangoima, diso pa kampata ka bango, kupuma pang'onopang'ono kuti asandimve.

Ndiye wamkulu mwa anawo anati, "Chisomo, tachita za amako!"

Mwana wanga sanadabwe. Zinaoneka kuti si koyamba. Anatola chitini chopanda kanthu, anachipendeketsa pakamwa, anakwinya nkhope ngati chamuwotcha. Kenako anagwira ngodya ya diresi lake n'kupukuta pakamwa, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Ndi mmene ndimapukutira ine ndi chitenje. Sindinkadziwa kuti ankaona. Anayamba kudzandira pa kaphazi kake kopsa kaja, akuimba nyimbo ya timu ndi mawu okokera, n'kudzigwetsa dala pa fumbi.

Anawo anafa ndi phwete. Iye anadzutsa mutu n'kuyang'ana nkhope zawo mmodzimmodzi, kuona ngati akondwera naye. Ataona kuti akondwera, anatolanso chitini chija.

Kuyang'ana kumeneko ndinakudziwa. Ndi mmene ndinayang'anira anthu pa msika tsiku loyamba lija.

Ndikanakonda kukuuzani kuti botolo ndinaliswa pomwepo. Sindinaliswe. Ndinachoka pa mpandapo, ndinakakhala kuseri kwa chulu, ndinalimasula, ndinalitsegula. Pakhosi panali pouma, thupi lonse likufuna. Ndikulikweza, ndinaona dzanja langa lina lagwira kale ngodya ya chitenje, kukonzekera kupukuta. Ndinaliyang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Kuseri kwa mpanda ana anali akusekabe.

Ndinapendeketsa botolo, kachasu analowa m'dothi. Pemphero lalitali ndinalibe. Ndinangoti, "Ambuye, mwana wanga," n'kubwerezabwereza mpaka dzuwa linapendeka.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, mwina zithandiza wina.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Semba. Ndinawapeza pa bwalo ndi a komiti, akukambirana zopereka ndime yanga kwa ana a sukulu. Ndinaima patali, m'kamwa mopanda dontho la kachasu. Bambo wina wa komiti anandiona.

"Ee, Mayi Vuvuzela! Lero mawu mwaiwala kunyumba?"

Ena anaseka. Ine ndinayang'ana pansi ndipo ndinati, "Ndikupempha ndime yanga." Sanamve. Ndinabwereza. "Ndime yanga. Ndinaipha ndine, ndinkathira madzi a pa mjigo. Ndikufuna ndiikonze."

A Semba anavula kapusi n'kukanda mutu. "Make Chisomo, nanenso ndili ndi mlandu. Ndinaona mbale yodzaza, sindinafunse kuti munthu wosalankhula wayamba bwanji kuimba." Anapita pa ndimepo n'kupala zoyera zija ndi nsapato. "Koma mudziwe, dothi lamchere silichira ndi kuthirira. Mulikumbe lonse, mukalitaye kutali, mubweretse lina la kudimba. Ndi ntchito ya amuna angapo. Mutha?"

"Sindikudziwa," ndinatero.

"Yankho limenelo ndalikonda kuposa nyimbo zija. Khasu lili mu sitolo."

Masiku oyamba manja ankanjenjemera moti khasu limandipulumuka. Thukuta, mseru, tulo osabwera. Ndinaopa kuti ndikufa. Ndinapita kuchipatala, kwa anamwino omwe aja anatembenuza nkhope, ndipo ndinawauza zonse. Sanandinyoze. Anandithandiza, anati ndizidya ndisanagwire ntchito, ndizimwa madzi ambiri, ndipo ndizibwera kudzaonana nawo. Amayi, ngati mwamwa nthawi yaitali musalimbane nazo nokha m'nyumba. Pitani kuchipatala, manyazi a tsiku limodzi sapha.

Njira ya ku dambo imadutsa pakhomo pamene amatcheza kachasu. Ndinasintha njira, ndinkazungulira kumanda ngakhale kuti ndi kutali. Felista ndinamuuza maso ndi maso kuti ngakhale ndidzagwade, asadzandipatse. Anakwiya, anati iye ankangondithandiza, ndipo mpaka lero sitilankhulana bwino. Ndinapemphanso Mayi Fote, amene ndime yawo inali yoyandikana ndi yanga, kuti tizipitira limodzi kotunga madzi m'mawa ndi madzulo. Si munthu wa malangizo. Ankangofika pakhomo n'kugogoda ndowa yawo, ine n'kutuluka.

Ndinakumba. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, dothi limawotcha mapazi dzuwa lisanakwere n'komwe. Ndinkasenza dothi lamchere pamutu kukataya kuseri kwa uvuni, pobwera n'kusenza lakuda la kudimba. Ndinasakaniza ndi ndowe youma ya ng'ombe. Kapinga ndinakazula m'mbali mwa dambo, n'kudzala kamodzikamodzi ndi chala. Pamwamba ndinayala minga kuopa mbuzi. Usiku ndinkangoganiza kuti nanga mchere ukakweranso, nanga akapanda kugwira. Mumtima mwanga kapinga ameneyo ndi Chisomo zinali chinthu chimodzi, chifukwa cha mawu aja a apongozi.

Ndinagwa kamodzi, sindibisa. Amuna anga anabwera pakutha pa mwezi n'kukagona kwa makolo awo, kunyumba osafika. Tsiku limenelo ndinamwa. M'mawa Mayi Fote atagogoda ndowa ndinatuluka n'kuwauza ndekha asanandinunkhize. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino, wanena. Tenga ndowa." Ndikanabisa, ndikukhulupirira kuti bwenzi ndikumwa mpaka lero.

Kapinga anagwira. Anayamba timasamba tating'ono, kenako anayanga mpaka anakumana ndi wa Mayi Fote, malire osaonekanso. A Semba anajambula bwalo lonse pa foni n'kutumiza ku Blantyre. Tinadikira, kudikira, anthu n'kumati basi zinatha zija. Kenako lole inabwera. Sizinali zonse zimene analonjeza. Simenti inakwana mpanda wa mbali ya msewu yokha, malata anakwana theka la shedi. Ana a sukulu a zomangamanga anamanga okha ngati phunziro lawo, mbali zotsala tinatseka ndi bango. Tsopano anthu amalipira kangachepe pa geti, ndipo ndalama imeneyo ndi imene inagula maukonde a golo ndi mipira.

Anyamata ataona udzu anayamba kubwerera mmodzimmodzi. A Semba anayambiranso pansi, ndi ana a chaka choyamba amene ena anali asanavalepo nsapato za mpira. Masewero oyamba pakhomo tinagonja, koma anthu anavina ngati tapambana. Timu ikadali mu ligi ya pansi. Ine ndinabwerera ku majezi anga. A komiti anandipemphanso kunyamula mbale, ndinakana, ndipo kukana kumeneko kunatuluka pakamwa panga popanda chothandizira.

Koma mwana anali akadali kwa apongozi.

Amuna anga anabwera kunyumba tsiku lina, anakhala pakhonde. "Ine sindingakulankhulire," anatero. "Ngakhale amalume ako asabwere. Abambo akufuna amve pakamwa pako."

Ndinapita Lamlungu titaweruka ku tchalitchi. Njira yonse mtima unkandiuza kuti kakapu kamodzi kokha, kongotsegulira pakhosi, palibe angadziwe. Ndinaluma chitenje mpaka ndinafika. Nthawi imeneyi ndinalowera kukhomo. Ndinagwada patali, abale onse a amuna anga atakhala pa mkeka. Chisomo anandiyang'ana ali kuseri kwa agogo ake, osabwera.

Mawu amene ndinakonza onse anathawa. Ndinakhala chogwada. Palibe anandithandiza. Potsiriza ndinati, "Ndinalakwa. Ndabwera kudzapempha mwana."

Amene anadzuka ndi apongozi aakazi, anabwera n'kuwerama mpaka nkhope yawo inayandikira yanga.

"Tapumira kuno."

Ndinapuma. Ananunkhiza kawiri. Kenako anatenga manja anga n'kuwatembenuza, kuona mmene khasu linawachitira.

"Ndakhala ndikumuona akudutsa kumanda ndi ndowa," anauza amuna awo. "Dzuwa lonse lija. Pyadidi, zili bwino."

Apongozi aamuna anatsokomola. "Mwana ngwathu, izo sizisintha. Koma lero akagone kwa amake. Mawa m'mawa amayi akowa abwera kudzamuona."

Ndinamubereka Chisomo kumbuyo ngakhale kuti wakula. Panjira anangogwira khosi langa mwamphamvu.

M'mawa mwake apongozi aakazi anabweradi, koma mwana sanamutenge. Mpaka pano amabwera. Amafika dzuwa lisanatenthe, amayang'ana phazi la mwana, amayang'ana m'poto, kenako amaima pafupi nane ngati akufuna kundinong'oneza kanthu. Ndimadziwa chimene akuchita, ndipo sindikwiya. Ndimawatsegulira chitseko ndekha. Tsiku limene adzamve fungo, mwana apita, ndipo sadzabweranso.

Choncho musandione ngati munthu amene wafika. Loweruka likubwerali kuli mpira pakhomo, ng'oma zidzalira, anyamata a kabaza adzakuwa dzina lija, ndipo fungo lidzandipeza ngakhale nditaima kutali. Mantha ndili nawo. Mundipempherere.

Ndipo ngati muno muli wina amene wamangirira kabotolo m'chitenje, kapena kakumudikira kunyumba, sindikuuzani kuti muimirire anthu akuoneni. Ine sindikanaimirira. Tikatuluka ndikhala pambali pa chitseko, mwana ali pamiyendo. Mungodzakhala pafupi nane. Zolankhula zambiri ndilibe, koma mawa m'mawa ndikhoza kudzagogoda pakhomo panu.

Zikomo pondimvera. Ndikhale pansi.